Bere Likachotsedwa Chifukwa cha Khansa

Pa Yohane 20 timawerenga kuti Yesu atauka kwa akufa anaonetsa Tomasi mabala a m'manja ndi m'nthiti mwake. Thupi la ulemerero lija linali ndi zipsera. Tikumbukire zimenezi, popeza pakati pathu alipo amayi amene akubisa chotupa cha m'bere poopa kuti likachotsedwa sadzakhalanso akazi. Ife amene tinagwirapo ntchito ya unamwino taona ambiri akufika kuchipatala mochedwa chifukwa cha mantha amenewa.

Dziwani kuti madokotala angathe kuumba bere lina, tsiku lomwelo la opaleshoni kapena patapita zaka. Njira imodzi ndi kuika kathumba ka silikoni pansi pa khungu kapena pansi pa mnofu wa pachifuwa. Timatumbati tinayamba kuikidwa mu 1962 ku Houston, ku America. Opaleshoni yake siitenga nthawi yaitali, koma kathumbako sikakhala mpaka kalekale. Kangathe kung'ambika, kapena mnofu wokazungulira n'kuuma gwa, makamaka kwa mayi amene walandira radiotherapy, ndipo pamafunika opaleshoni ina.

Njira ina ndi kutenga khungu ndi mafuta a pamimba pa mayi yemweyo, kapena mnofu wa kumsana. Yapamimbayi, yotchedwa DIEP, imatha maola 6 kapena 8 chifukwa timitsempha ta magazi amatilumikiza akuyang'ana pa maikulosikopu. Bere lake limakhala lofewa, ndipo mwiniwake akanenepa nalonso limanenepa. Koma pamimba pamatsala chipsera chachitali, kuchira kumatenga masabata angapo, ndipo nthawi zina mnofu wosamutsidwawo umafa magazi akapanda kuyenda bwino. Osuta fodya ndi odwala shuga, mabala awo amavuta kupola.

Tisanamizane, amayi. Bere loumbali siliyamwitsa, ndipo kawirikawiri limakhala ladzanzi. Silichiza khansa, komanso siliyambitsa kuti ibwerere.

Kuno kwathu madokotala a ntchitoyi ndi ochepa, ndipo ndalama zake ndi zambiri. Mayi wina amangoika bere lansalu kapena loluka m'kamisolo, wina saika kanthu. Wofuna kuumbidwa bere tisamunene kuti ndi wonyada. Wokhala ndi chipsera chake tisamuyang'ane pachifuwa akamapita kukalandira Mgonero. Ndipo mukakacheza kwa mnzathu wochitidwa opaleshoni, mupemphe kuti bambo a kunyumba akhalepo, amve nawo zimene tafotokozazi, chifukwa ena amasamuka kuchipinda mayi akangotuluka m'chipatala.