Mtengo wa Chilungamo Aulipira Ndani?

Ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Zingwangwa sikusowa munthu amene tsiku lina anabwera kunyumba dzuwa likali pamutu, nauza mkazi wake kuti ntchito yatha. Sanachite kumchotsa ayi, anaisiya yekha. Mwini sitolo anamuuza kuti azipotoza sikelo pogulitsa ufa, iye nakana. Anthu akamva zotere amtama kuti ndiye munthu wolungama. Koma madzulo mkazi ayang'ana m'thumba la ufa, ana ayang'ana mayi wawo, ndipo mwini nyumba ayembekeza lendi yake. Tsono funso ndi ili: kodi nkoyenera kuti munthu mmodzi asankhe chilungamo, pamene njala yake idzagwera ena amene sanafunsidwe?

Funso limeneli si la lero. Linamgwera David Livingstone, amene dzina la mudzi wobadwira iye ku Scotland ndilo linapatsidwa kwa mzinda wa Blantyre.

Ulendo wa Lady Nyassa

Livingstone anakonzetsa ngalawa ya moto ndi ndalama zake, mapaundi 6,000, naitcha Lady Nyassa. Anafuna kuti iziyenda pa Nyanja ya Malawi, kuti malonda abwino alowe m'malo mwa malonda a akapolo. Koma mathithi a mtsinje wa Shire anaitsekera njira, ndipo mu 1863 boma la Britain linalamula kuti ntchito yonseyo ilekeke. Ngalawa inayenera kugulitsidwa. Iye anaona kuti akaigulitsa kugombe la kuno ku Africa, idzasanduka chotengera akapolo. Chotero anatsimikiza mtima kupita nayo ku Bombay, mudzi wa ku India umene lero utchedwa Mumbai, mtunda wa mamailosi 2,500 pa nyanja yamchere.

Ananyamuka ku Zanzibar pa 30 April 1864. Mmisiri wa injini anali atatsika kale. M'ngalawamo munali anthu 13: azungu anayi, amuna asanu ndi awiri a ku Zambezi amene anakula osaiona nyanja yamchere, ndi anyamata awiri, Chuma ndi Wikatani, amene anaomboledwa ku ukapolo mu 1861 nakhala ku Magomero. Malasha anali matani 14 okha, motero anayenera kudalira matanga ndi mphepo.

Pa nyanja imeneyo mphepo ili ndi nyengo zake. Miyezi ina iomba kuchokera kumpoto cha kum'mawa. Kenaka itembenuka, niomba kuchokera kumwera cha kumadzulo, ndipo potembenuka pamenepo idza ndi namondwe woopsa. Livingstone anawerengera masiku 18, nayesa kuti adzafika namondwe asanayambe. Koma mphepo inaleka. Masiku 25 a ulendowo kunali bata, matanga ali lende, dzuwa likuswa mtengo, madzi akumwa nalinkuchepa. Mmalinyero anadwala sabata yathunthu, mmisiri wa matabwa chimodzimodzi. Mwini ngalawa anagwira yekha chiwongolero maora anayi, kupuma anayi, nkugwiranso.

Pamenepo anaitana amuna a ku Zambezi aja, nawaonetsa singano ya kampasi ndi mbali imene iyenera kuloza kutsogolo kwa ngalawa. Posachedwa atatu a iwo anadziwa kuwongolera. Anaphunziranso kukweza ndi kutsitsa matanga, ndipo ankakwawa pa mtengo wotulukira kunja kwa ngalawa, chingwe chili kumano, mafunde akuwamiza ndi kuwavuula. Potsiriza mphepo imene anailira inadza, koma walira mvula walira matope: inadza ndi mkuntho ndi mafunde aakulu. Anafika ku Bombay pa 13 June, atatha masiku 45 pamadzi. Ngalawayo inali yaing'ono kotero kuti padooko panalibe munthu anazindikira kuti afika.

Kuweruza mlandu

Ena ati Livingstone anachita bwino, pakuti onse anafika amoyo. Koma kufika sikuweruza mlandu. Namondwe akadafulumira, anthu omwewo akadati anali munthu wouma mutu amene anamiza ana a eni. Ena ati analakwa, pakuti pambuyo pake anaigulitsa ngalawayo pa mtengo wochepa, ndipo ndalamazo zinatayika pamene banki imene anaziikamo inagwa. Koma kutaya ndalama nakonso sikuweruza mlandu. Chochita cha munthu chiyesedwa ndi zimene iye anazidziwa pa tsiku losankha, osati ndi mwayi kapena tsoka limene linadza m'mbuyo.

Pa tsiku losankhalo njira zonse ziwiri zinali ndi anthu ake. Kuwoloka nyanja kunali kuika anthu 12 pa ngozi. Kugulitsa ngalawa kunali kuika anthu ambirimbiri m'goli, anthu amene Livingstone sakadawaona nkhope. Apa ndipo pali msampha. Njala ya mwana wa m'nyumba ioneka, koma njala ya mwana wa mayi amene anamubera pa sikelo sioneka, ngakhale ili njala yomweyo. Munthu wonena kuti akuchita choipa chifukwa cha ana ake, mtengo sanauchotse. Wangousenzetsa ana a mnzake.

Komabe kukhala ndi chifukwa chabwino sikukwanira. Munthu wotengera anzake m'mavuto chifukwa cha chilungamo ali nawo mangawa atatu.

Oyamba ndi kufunsa. Amuna a ku Zambezi anadzipereka okha, ndipo ankalandira mashiling'i khumi pamwezi. Koma munthu wosaidziwa nyanja, kuvomera kwake nkwa theka; ndipo anyamata awiri aja sakadatha kukana. Pa iwowa mlandu wonse unali pa mutu wa wamkuluyo, monga ulili pa bambo aliyense chifukwa cha ana ake.

Achiwiri ndi kulowa nawo m'ngozi momwemo. Livingstone sanatumize ngalawa iye natsala kumtunda. Ikadamira, akadamira nayo.

Achitatu ndi kugawa nzeru. Iye sanaumirire chiwongolero ngati cha iye yekha. Mutu umodzi susenza denga, ndipo ngalawa inafika chifukwa manja oyendetsa anachuluka. Ku Bombay anasiya Chuma ndi Wikatani pa sukulu ya Dr John Wilson kuti aphunzire. Chuma yemweyo, pamodzi ndi Susi, ndiye anatsogolera anthu onyamula mtembo wa Livingstone kuchokera kwa Chitambo mu 1873 kufikira kugombe ku Bagamoyo.

Munthu wa ku Ndirande uja sanalakwe pokana kupotoza sikelo. Koma akabwera kunyumba nangolengeza monga mfumu, chilungamo chake chatsala pakhomo pa sitolo. Ayenera kukhala pansi ndi mayi wa ana ake asanasankhe, namuuza zonse osabisa. Nsima ikachepa, mbale yoyamba kuchepa ikhale yake. Ndipo masiku a bata akachuluka, ganyu osaoneka, mkazi akanena kuti ayambe kugulitsa tomato ndi makala pamsika, mwamunayo asachite manyazi kumsiyira chiwongolero, iye nasenza thumba la makala.