Ngongole ya Munthu Wophunzira

Pa gombe la Ngala, m'boma la Nkhotakota, msodzi agulitsa usipa wake kuti mwana wake akaphunzire ku koleji. Kodi nzeru zimene mwanayo alandira kumeneko nzake yekha, kapena nza mudzi umene udamtuma?

Ophunzira a ku Zomba adayankha funsoli m'chaka cha 1992. Pa 8 Marichi kalata ya Aepiskopi idawerengedwa m'matchalitchi a Katolika, yodzudzula umphawi, kumanga anthu popanda kuwazenga mlandu, ndi kuwatseka pakamwa. Boma lidati kalatayo njoukira. Pamenepo ophunzira a Chancellor College adayenda mumseu kuvomereza mau a Aepiskopiwo, ndipo koleji idatsekedwa. Pa 14 Juni 1993 mtundu udasankha zipani zambiri.

Alipo onena kuti ntchito ya koleji ndi mabuku okha. Mau aowo sali opanda nzeru, pakuti mwana wochotsedwa sukulu abwerera kwa atate ake chimanjamanja, usipa uja utapita pachabe. Koma msodziyo sadalipire pepala lokha ai. Adalipira kuti mudzi ukhale ndi munthu wodziwa kuunenera zoona pa tsiku la tsoka.

Matsoka sadathe. Kolera ya 2022 ndi 2023 idapha anthu oposa 1,700 m'Malawi, ndipo m'chaka cha 2024 mtsinje wa Dwangwa udasefukira nugwetsa nyumba. Koleji yophunzitsa za madzi ndi za mankhwala, ikakhala chete pa nthawi yotere, yadya za msodzi osabweza.