Kodi Kukhala Chete N'kukhululuka?

Ku Kambuzuma, monganso ku Rugare ndi ku Mufakose mumzinda wa Harare, kuli mabanja amene kwawo kwenikweni ndi ku Tete kapena ku Manica. Ena anadza kudzafuna ntchito m'nthawi ya atsamunda. Ena anathawa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, imene kuyambira mu 1977 mpaka mu 1992 inapha anthu pafupifupi miliyoni imodzi. Okalamba a gulu lachiwirili sakonda kusimba zimene anaona. Kodi tinene kuti anakhululuka, kapena bala linangomangidwa lisanatsukidwe?

Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, nyumba ya malamulo ya ku Maputo inafafaniza milandu yonse ya nkhondoyo. Sipanakhale bungwe lofufuza choonadi longa la ku South Africa, ndipo amene anapha anthu oposa 400 ku Homoine mu 1987 sanaimepo pabwalo. Ambiri amati nzeru imeneyi ndiyo inaletsa kubwezerana. Sindifulumira kuwatsutsa, pakuti m'midzi yambiri asing'anga ankasambitsa asilikali obwerera kuti mizimu ya ophedwa isawatsate, anthu nayambanso kulima moyandikana.

Komatu boma lingakhululukire munthu mlandu wolakwira boma lokha. Mayi amene anadulidwa makutu, chikhululukiro n'chake. Nduna singapereke chinthu chimene si chake. Ndiponso kukhululuka kumafuna wolakwa wodziwika, ndipo apa m'pamene Harare salinso mboni chabe. Renamo inaleredwa ndi akazitape a Rhodesia otsogozedwa ndi Ken Flower, mzinda womwewu ukutchedwabe Salisbury. Flower anapitiriza udindo wake pansi pa Robert Mugabe pambuyo pa 1980, ndipo posakhalitsa asilikali a Zimbabwe anapita kukateteza njira ya ku Beira kwa zigawenga zoleredwa kwawo komwe. Wothawa nkhondo uja anadzausa pakhonde la nyumba imene moto unachokera. Akhululukire yani: mtsamunda amene anachoka, mnyamata wogwidwa mokakamiza amene ananyamula chikwanje, kapena boma la kwawo limene linamuuza kuti aiwale?

Sindinganene kuti chete ndiye anabweza nkhondo. Mikangano ya zisankho ndi ya maudindo inalipo. Koma mfuti zinaliranso ku Sofala mu 2013, ndipo mu 2016 anthu zikwizikwi a ku Tete anali atasonkhananso ku Kapise, m'boma la Mwanza, atadutsa malire omwe aja amene makolo awo anadutsa m'zaka za m'ma 1980.