Za Dzina la Yohane ndi Eni Ache
Luka 1:57-66

Nyengo ya ubatizo ikayandikira timamva makani m'nyumba zambiri za Akristu, ndiwo makani a maina. Wina afuna kuti mwana atchedwe dzina la ambuye ache. Wina ati iai, koma dzina la m'Buku, kapena la munthu womveka, monga ngati dzina liri chithumwa chakumangira mwana m'khosi. Makani otere si a lero. Luka atiuza kuti tsiku lachisanu ndi chitatu, posonkhana anansi ku mdulidwe wa mwana wa Elisabeti, anafuna kumtcha Zakariya monga atate wache. Amache anakana. Iwo anazizwa, popeza mwa abale ao onse munalibe mmodzi wa dzina limene mai anatchula. Nakodola atate wosalankhula uja, ndipo iye analemba dzina lomwelo, Yohane. M'chinenero cha Ahebri dzinali litanthauza kuti Yehova wachita chisomo. Zindikirani ichi: silinena kanthu za mwini dzina, kuti ali wolimba mtima kapena wanzeru, linena za Mulungu yekha. Angerezi ati John, anansi athu Asilamu ati Yahaya, koma dzina ndi limodzi.

Tiyeni tipenye eni ache. Yohane Mbatizi anakhala m'chipululu, nadya dzombe ndi uchi. Anadzudzula Herode chifukwa cha mkazi wa Filipo, ndipo mutu wache unaperekedwa m'mbale pa phwando. Yohane mwana wa Zebedayo anali wina ndithu, msodzi wa mtima wapachala, amene anafuna kuitana moto wa kumwamba unyeketse mudzi wa Asamariya pakuti anakana kulandira Ambuye. Koma m'buku la Machitidwe timpeza yemweyo ali ku Samariya, alikusanjika manja pa anthu a mtundu womwewo kuti alandire Mzimu Woyera. Dzina linali lomwe lija la kale; chimene chinasanduka ndi munthu.

Tisapite kutari. Dziko lathu lino laona a Yohane atatu amene njira zao zinapingasana.

John Buchanan anadza ndi Misyoni ya Blantyre mu 1876, wa nchito ya m'munda. Mu 1881 akuru a Eklesia ku Scotland anamchotsa pamodzi ndi ena, atamva za kukwapula anthu koopsa kumene kunachitika pa Blantyre masiku oyambawo. Anakhazikika pa Zomba pafupi ndi Mulunguzi, nadzala khofi ndi mizimbe, natenga dziko lalikuru. Ndipo mu 1889 ndiye analalika kuti mapiri ano a Shire alowa m'manja a Angerezi. Anafera ku Chinde mu 1896.

John Chilembwe anamuka ku America ndi Joseph Booth mu 1897, nabwera mu 1900, namanga mpingo wache pa Mbombwe ku Chiradzulu. Anaona thangata la pa Magomero, ndi nyumba zopemphereramo zimene mzungu wa pamenepo anazitentha. Mu November 1914 analemba kalata wodandaula kuti anthu akuda osauka alikutengedwa kukafa m'nkhondo yosati yao. Usiku wa 23 January 1915 anthu ache anauka, napha William Jervis Livingstone, namdula mutu. Ndipo m'mawa mwache, tsiku la Mulungu, Chilembwe analalikira mutuwo uli pamaso pa msonkhano. Iye mwini anaphedwa pa 3 February. Lero dziko lonse lipumula pa 15 January kumkumbukira, ndipo nkoyenera, pakuti dandaulo lache linali loona, ndipo analinena pamene ena ochuruka anakhala chete. Koma ife sitikhoza kubisa chimene chitibvuta mtima powerenga mbiri ziwirizi pamodzi. Mbatizi anadzudzula mfumu, napereka mutu wa iye mwini. Uyu anadzudzula eni mphamvu, koma m'kachisi mwache munaimikidwa mutu wa wina. Sitikhala pa mpando wa Woweruza, ndipo sitiiwala amene anayamba kuputa. Tingoti, munthu wakutcha mwana wache dzina la ngwazi adziwe mbiri yonse, osati mbali yokoma yokha.

Wachitatu ndiye atikhudza koposa, popeza anali wa kwathu. John Gray Kufa anali mmodzi wa atumiki asanu ndi awiri amene David Clement Scott anawapatula pa Blantyre. Anaphunzira za mankhwala, nathangata odwala ambiri. Munthu wochiza ameneyu anagwirizana ndi Chilembwe, ndipo Boma linamupha mu 1915. Pamenepo Azungu ambiri anati sukulu za Misyoni ndizo zaononga anthu. Alexander Hetherwick, yemwe uja anatsegula Domasi mu 1884 m'dziko la Malemia, anaimirira pamaso pa ofunsa mlanduwo nakana. Nawauza kuti munthu wakuda akabvulira mzungu chipewa, mzunguyo ayenera kubwezera ulemu. Kanthu kakang'ono, mudzatero; koma iye anadziwa pamene panali chironda.

Tsono wina wotenga dziko, wina wolirira dziko, wina wochiza amene anatsata nkhondo: kodi dzina linawatsogolera kuti? Silinamletsa mmodzi kulakwa, silinampulumutsa mmodzi ku imfa. Linangokhala pa iwo monga mboni yakunena za chisomo chimene onse atatu anachisowa, monga ifenso tichisowa.

Kwa inu amene mufunsa ngati dzina la makolo liloledwa m'buku la Mpingo, tinena kuti liloledwa, lingakhale la Chiyao kapena la Chinyanja. Abusa athu oyamba, odzozedwa mu 1911, anali Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha, ndipo sanataya maina a kwao. Potero pakudza kulembetsa mwana, idzani atate ndi amai pamodzi, mutapangana kale kunyumba, ndipo tidzalemba maina onse awiri. Mbusa sadzafunsa kumene munatenga dzinalo. Adzafunsa ngati mulonjeza kumphunzitsa mwanayo kupemphera ndi kuwerenga Mau a Mulungu, ndipo adzayembekeza yankho la yense wa inu.