Nkhuyu za Hezekiya ndi Chotupa cha M'chifu

Pa 2 Mafumu 20, mneneri Yesaya anauza Mfumu Hezekiya kuti akonze za banja lake chifukwa imfa yayandikira. Mfumu inatembenukira kukhoma n'kulirira Mulungu, ndipo Yesaya asanapite patali anabwezedwa ndi uthenga wina wakuti zaka 15 zawonjezedwa. Komabe mneneri yemweyo analamula kuti pachithupsa cha mfumu aikepo nkhuyu. Pemphero linamveka, mankhwala sanasiyidwe.

Mkhristu amene wapezeka ndi GIST, chotupa chomera m'khoma la chifu kapena la matumbo, nayenso amauzidwa za mawa lake. Dokotala saombeza ula. Chotupa chikachotsedwa pa opaleshoni, amayeza kukula kwake, amaona pamene chinamera, amafufuza ngati chinaphulikira m'mimba, ndiponso amawerenga pa maikulosikopu maselo amene akugawikana. Akaposa 5 pa kachigawo koyezedwa, nthawi zambiri chotupacho chimakhala chaukali.

Mu 2006, ofufuza Markku Miettinen ndi Jerzy Lasota anasonyeza kusiyana kwa zotupazi. Chotupa cha m'chifu chosaposa masentimita 2, maselo ake ogawikana pang'onopang'ono, sichinafalikire mwa odwala amene anawatsatira. Koma choposa masentimita 10 chokhala ndi maselo ogawikana mofulumira chinafalikira mwa odwala 86 pa 100 alionse. Cha m'matumbo aang'ono chimaopsa kuposa cha m'chifu ngakhale zitafanana kukula.

Manambalawa ndi oona, ndipo wokhulupirira sayenera kuwathawa. Koma anachokera kwa odwala a nthawi imene mankhwala a imatinib kunalibe. Mu 2000 ku Helsinki, dokotala Heikki Joensuu anapereka mankhwalawa kwa mayi wina amene GIST inali itamufalikira, ndipo zotupa zinaphwa. Kafukufuku wa mu 2012 anapeza kuti odwala a chiopsezo chachikulu amakhala moyo wautali akamwa imatinib zaka zitatu kusiyana ndi chaka chimodzi. Ichitu n'chifundo cha Mulungu chodzera m'manja mwa anthu, ndipo amene amauza wodwala kuti ataye mapiritsi posonyeza chikhulupiriro akumulakwira kwambiri.

Zaka zitatu si masewera. Mankhwalawa amatupitsa zikope, amachititsa nseru, usiku minofu imakokana. Pamene mlongo wodwala wayamba kutopa nawo, amayi a mumpingo akhale pafupi, amuphikire phala loti amwere mapiritsi, apemphere naye, ndipo tsiku lokajambulitsa m'mimba likakwana amuperekeze kuchipatala.