Mfumu Ikagona M'nyumba Mwako

Mawu: 1 Samueli 26:1–12, Yakobo 1:13–15

Abale ndi alongo mwa Ambuye, m'mawu tawerengawa muli mfumu imene yagona tulo tofa nato. Sauli wagona pakati pa asilikali ake paphiri la Hakila, mkondo wake wozikidwa pansi chakumutu. Davide ndi Abisai alowa mumsasamo usiku popanda wowaona. Samueli anali atamudzoza kale Davide, ndipo Sauli yemweyu ndiye ankamusakasaka m'mapanga ngati nyama. Abisai anapempha kuti amubaye kamodzi kokha, ponena kuti Mulungu ndiye wapereka mpatawo. Davide anakana. Anangotenga mkondo ndi chotengera madzi, nachoka, nasiya nthawi ya ufumu wake m'manja mwa Yehova.

Lero ndikufuna tiike pambali pa Davide munthu wina amene anaimanso pamutu pa mfumu yogona. Ameneyu ndi Macbeth, wa m'sewero limene William Shakespeare analemba ku England cha m'ma 1606, m'masiku a Mfumu James, yomwe dzina lake lili pa Baibulo lachingerezi la mu 1611. Achinyamata athu ambiri anakumana nalo seweroli kusekondale. Wina angadabwe kuti sewero likufunanji paguwa. Kumbukirani kuti mneneri Natani, pofuna kufika pamtima pa mfumu, anayamba ndi nkhani ya munthu wosauka ndi kankhosa kake. Macbeth weniweni analipo, analamulira Scotland kuyambira 1040 mpaka 1057, koma amene tikunena ife ndi wa m'seweroyo.

Nkhani imayamba Macbeth ali munthu wolemekezeka. Ndi mkulu wa asilikali a Mfumu Duncan, wangopulumutsa dziko kwa oukira, ndipo aliyense akumutama. Pobwerera kunkhondo ali ndi mnzake Banquo, akumana ndi afiti atatu aakazi. Afitiwo amupatsa moni monga mkulu wa dera la Glamis, udindo umene anali nawo kale, monga mkulu wa dera la Cawdor, ndiponso monga mfumu yam'tsogolo. Kwa Banquo afitiwo anena kuti ana ake ndiwo adzakhale mafumu. Posapita nthawi amithenga afika kudzanena kuti mfumu yamupatsa Macbeth dera la Cawdor.

Mvetsetsani apa, abale. Afitiwo sananene chilichonse chokhudza kupha. Sanatchule mpeni, sanatchule Duncan. Koma atangomva za Cawdor, Macbeth wayamba kale kuona chithunzi cha kupha m'maganizo mwake, mpaka mtima ukumugunda. Chithunzicho chinachokera kuti? Yakobo akutiyankha: munthu amakokedwa ndi chilakolako cha iye mwini, chilakolakocho chimatenga pakati n'kubala tchimo, tchimo likakula limabala imfa. Banquo anaima pamalo omwewo, anamva mawu okomanso chimodzimodzi. Iye anachenjeza mnzake kuti mphamvu za mdima zimatiuza zoona zazing'ono kuti zitigwetse pa zazikulu, ndipo usiku maganizo oipa atamubwerera, anapempha thandizo lakumwamba kuti awaletse.

Izi zikutikhudza kwambiri ife. Munthu akagwa pakati pathu, mawu oyamba kutuluka ndi akuti anamulodza, kapena Satana anamunyenga. Msungichuma akadya ndalama za mpingo, timafunafuna amene anamuchita chipongwe. Nthawi zina mlandu umakagwera nkhalamba yosalakwa kumudzi. Woyesayo alipodi, sindikukana. Koma mzati umene wagwa ndi mphepo ya lero unayamba kalekale kudyedwa ndi chiswe m'kati, ndipo mphepo yomweyo yadutsa mizati ina osaigwetsa.

Duncan atalengeza kuti mwana wake Malcolm ndiye adzalowe ufumu, anapita kukagona kunyumba ya Macbeth ku Inverness monga mlendo. Pamenepa pali chinthu chimene chimandiwawa nthawi zonse ndikamawerenga seweroli: Macbeth ankadziwa zonse. Ali yekha, akuwerengera zifukwa zosaphera. Duncan ndi mbale wake. Ndi mfumu yake. Ndi mlendo wake, amene iye ayenera kumutsekera chitseko kuti wakupha asalowe. Ndi mfumu yofatsa yosalakwira munthu. Akuvomereza yekha kuti alibe chifukwa china koma kufuna kukwera basi. Kenako auza mkazi wake kuti nkhaniyi ithere pomwepo.

Akanaima pamenepo, bwenzi sewero litatha. Chimene chinamugwetsa ndi chofooka chachiwiri, chobisika kuposa choyamba. Mkazi wake anamunyoza kuti ndi wamantha, kuti si mwamuna. Munthu amene sankaopa malupanga a adani analephera kupirira mawu amenewo. Ndi angati pakati pathu anasaina pepala labodza kuntchito poopa kutchedwa ogona? Ndi anyamata angati analowa m'zonyansa poopa kusekedwa ndi anzawo? Ndipo amuna tisathamangire kuloza mkaziyo chala monga anachitira Adamu. Macbeth ndiye anamulembera kalata yomuuza za ulosiwo, ndipo anthu ena onse amene anaphedwa pambuyo pake anawapha osamufunsa.

Usiku womwewo, atapha Duncan n'kutuluka m'chipinda manja ali magazi okhaokha, Macbeth afotokozera mkazi wake chinthu chodabwitsa. Akuti anamva anthu awiri atadzidzimuka m'tulo akupemphera, wina napempha dalitso la Mulungu. Iye anafuna kuvomereza pempherolo, koma mawu anamukanirira pakhosi, ngakhale ankadziwa kuti ndiye wofunika dalitsolo kuposa wina aliyense. Akutinso anamva liwu likufuula kuti sadzagonanso tulo. Abale, chikumbumtima chake chinali chamoyo. Khomo la kulapa linali lisanatsekedwe. Koma mkazi wake anamuuza kuti asaganizire kwambiri, timadzi pang'ono tichotsa zonse, ndipo iye anakasamba m'manja n'kuvala nkhope yachisoni.

Kuchokera apo zinthu zinathamanga. Anapha alonda awiri a mfumu kuti asalankhule. Ana a Duncan anathawa, Malcolm ku England, Donalbain ku Ireland. Macbeth analandira ufumu ku Scone, koma mtendere sanaupeze, chifukwa ankakumbukira zimene afiti anauza Banquo. Analemba ganyu zigawenga kuti ziphe mnzakeyo pamodzi ndi mwana wake Fleance, mwanayo anapulumuka. Paphwando, pamaso pa akuluakulu onse, anaona mzukwa wa Banquo utakhala pampando wake. Alendo atabalalika, ananena mawu amene kwa ine ndiwo kugwa kwake kwenikweni: wafika kale patali m'magazi, kotero kuti kubwerera n'kolemetsa chimodzimodzi ndi kupitirira. Anasankha kupitirira.

Bodza limeneli ndalimva kambirimbiri m'maphunziro a uphungu ndi m'makomo mwa akhristu. Ndalowa kale kwambiri, abusa. Ngongoleyi yakula kale. Chibwenzichi chatenga zaka, pali ndi mwana. Munthu amaganiza kuti tchimo lachiwiri litchinjiriza loyamba. Poyamba afiti ndiwo anamupeza Macbeth panjira. Tsopano iye ndiye akuwafunafuna, monga Sauli anapita usiku kwa mkazi wobwebweta wa ku Endori. Mizimu imene afitiwo anaitana inamuuza Macbeth kuti palibe wobadwa mwa mkazi angamupweteke, ndiponso kuti sadzagonja mpaka nkhalango ya Birnam itayenda kufika kulinga lake ku Dunsinane. Ndi chilimbikitso chimenecho anatuma anthu ku Fife kukapha mkazi wa Macduff, mkulu wa deralo, ndi ana ake, anthu amene sanamuopseze ngakhale pang'ono. Yemwe ankanjenjemera pofuna kupha munthu mmodzi tsopano akupha makanda osaphethira.

Akuluakulu anati choipa chitsata mwini. Mkazi uja wa timadzi pang'ono anayamba kuyenda ali m'tulo, akupukuta manja amene sakuyera, ndipo dokotala anavomereza kuti wodwalayu akufunika wansembe kuposa mankhwala. Uthenga wa imfa yake utafika, mwamuna wake analibenso misozi. Kwa iye moyo unali utasanduka phokoso lopanda tanthauzo. Asilikali a Malcolm, pobwera kudzamenyana naye, anadula nthambi za ku Birnam n'kudzibisa nazo poyenda, nkhalango inaoneka ngati ikubwera. Macduff anali munthu amene anachita kung'ambidwa m'mimba mwa mayi ake nthawi isanakwane, ndipo ndiye anadula mutu wa Macbeth.

Tisanatseke Baibulo, tibwerere kwa Davide, chifukwa naye sanali woyera. Amene anakana kukhudza Sauli ndi yemweyo anatenga mkazi wa Uriya, nayesa kubisa, kubisako kutalephereka nalemba kalata yoti Uriya aikidwe kutsogolo kwa nkhondo. Anayenda njira yomweyo ya tchimo lobisa tchimo. Koma Natani atamuloza, pa 2 Samueli 12, Davide sananene kuti wafika kale patali. Anavomera kuti wachimwira Yehova, ndipo Salimo 51 ndi kulira kwa munthu wopempha kuti Mulungu amusambitse ndi kumulengera mtima watsopano. Zowawa sizinamuphonye: mwana anamwalira, lupanga silinachoke m'nyumba mwake. Koma anakhululukidwa, ndipo m'banja lake ndimo munabadwira Yesu, amene magazi ake amatsuka zimene madzi alephera.

Mbale wanga, mlongo wanga, ngati pali chimene ukukonza mumtima ndipo sunachichite, chisiye lero. Ngati unachita kale ndipo ukuganiza zochita china kuti ubise, usachite chachiwiricho. Sabata ino pita kwa mbusa kapena kwa mkulu wa mpingo amene umamukhulupirira, ukanene zonse monga zilili. Ngati pali ndalama, yamba kubweza ngakhale pang'onopang'ono. Ngati pali munthu amene anasenza mlandu wako, ukamuyeretse pamaso pa amene anamuweruza. Tiyeni tipemphere.