Kodi Dotolo Ali ndi Ufulu wa Kutopa?

M'midzi ya Acewa, maliro akaikidwa, adzukulu sangobalalika cabe ai. Amayamba asamba, napatsidwa cakudya, ndipo patapita masiku abale amasonkhananso kudzameta. Makolo anazindikira kuti munthu wogwira mtembo wasenza kanthu kamene sangathe kukatula yekha. Tsono tiyeni tiganizire anthu ena amene anatseka maso a akufa ambiri koposa mdzukulu ali yense, koma mwambo wakuwatula katunduyo palibe. Ndinena madotolo ndi anamwino.

Mliri wa COVID-19 unalowa m'Zambia m'mwezi wa March 2020, pa 18, ndipo unafika poopsa mu June ndi July 2021, pamene zipatala za mu Lusaka zinadzaza, mpweya wa oksijeni nucepa. Abale sanali kuloledwa kukhala pambali pa wodwala nthendayo, motero mau otsiriza a munthu anagwera m'makutu a mlendo wobvala cophimba kumaso. Mlendoyo madzulo anali kubwerera kwao ali ndi mantha akuti angapatsire ana ace. Mantha amenewo sanali opanda pace, pakuti bungwe la World Health Organization linayerekeza kuti anchito a zaumoyo pakati pa 80,000 ndi 180,000 anafa ndi nthendayi pa dziko lonse kuyambira January 2020 kufikira May 2021. Bungwe lomwelo linalengeza pa 5 May 2023 kuti nyengo ya ngozi yatha. Koma mtima wa munthu sumvera cilengezo.

Wina adzati, “Nchitoyo anaisankha yekha, analumbira, ndipo amalandira malipiro. Wodwala sangadikire kuti dotolo ayambe wapumula.” Mau awa tisawataye msanga, cifukwa muli coona. Pa cipatala ca kumudzi pamene dotolo ali mmodzi yekha, iye akagona, mai wobvutika pobala angathe kufa usiku womwewo. Pa nthawi ya mliri dotolo ayeneradi kupirira zimene sitingapemphe kwa kalaliki kapena wamalonda. Koma cimene munthu wacita pa tsiku la moto sitingacisandutse muyeso wa masiku onse. Amene anathamanga ndi mtsuko usiku wonse kuzima nyumba ya mnzace sitimuuza kuti, popeza waonetsa mphamvu, azithamanga comweco kufikira imfa.

Ndiponso lumbiro lenilenilo linasintha. M'caka ca 2017 bungwe la World Medical Association linaonjezera mau pa lumbiro la ku Geneva, kuti dotolo alonjeze kusamala umoyo wace womwe, kuti athe kusamala bwino odwala. M'caka ca 2019 kutopa kwa mtundu uwu kunalembedwa m'buku la World Health Organization monga bvuto locokera ku nchito, lokhala ndi zizindikiro zitatu: kutha mphamvu, kuuma mtima pa nchito imene kale munthu anaikonda, ndi kulephera kuigwira bwino. Cizindikiro caciwirico ndico cimene ife odwala timacidziwa. Tikaona dotolo wosayang'ana nkhope yathu, timati ngwonyada. Kapena ena ngonyadadi. Koma ena ndi ng'oma yoliritsa imene yayamba kung'ambika.

Komabe pali cina cimene sicindikhutiritsa m'ganizo lakuti dotolo apumule kuti atitumikire bwino. Ndi mmenenso mlimi amaganizira za ng'ombe yace ya pagoli. Dotolo wokalamba amene sadzagwiranso mpeni, nanga iye tulo tace tosowa tiribe kanthu? Ngati munthu anaononga mtendere wace cifukwa ca ife, tiri naye mangawa, ngakhale sitidzapindulanso naye.

Mangawawo sabwezedwa ndi malangizo. Nkwapafupi kuuza munthu kuti azidya bwino, azigona mokwanira, aziceza ndi a pabanja pace, koma ngati palibe womlandira nchito kuti apite ku chuti, malangizowo angokhala katundu wina pamutu pace, pakuti tsopano akatopa adzayesa kuti walakwa ndi iye. Boma la Zambia litalemba anchito a zaumoyo oposa 11,000 m'caka ca 2022, linacita cinthu coposa maulaliki ambiri, cifukwa mankhwala oyamba a kutopa ndiwo munthu waciwiri pa nchito.

Cobvuta kwambiri ndi manyazi. Dr. Lorna Breen, amene anali kuyang'anira cipinda ca odwala mwadzidzidzi m'cipatala cina ca ku New York, anadzipha mu April 2020. Abale ace anafotokoza kuti iye anaopa kuti kupempha thandizo la matenda a maganizo kungamtayitse nchito ndi ulemu. Mu March 2022 dziko la America linakhazikitsa lamulo lochedwa ndi dzina lace, lothandiza anchito a zaumoyo pa mabvuto otere. Kuno kwathu dzina la Chainama anthu amalichula moseka, ndipo ana amanyozana nalo pa masewera. Dotolo wa mu Lusaka amene mtima wace wathodwa adziwa kuti akapita kumeneko adzapeza amene anaphunzira nao m'kalasi limodzi, ndi odwala amene mawa adzakhala pa mzere wa kwa iye. Ambiri amasankha kukhala cete, nabvala malaya ao oyera m'mawa mwace.